Tchanelo chonena zoona pa nkhani za nkhondo ndi chiti?

Achimwene ena omwe ali ku Joni anditumizira imelo, akuti kunyumba komwe amachita lendi ndi anzawo madzulo aliwonse amalimbirana rimoti, wina akufuna BBC, wina Al Jazeera, wina akuti onsewo ndi abodza bola RT ya ku Russia yomwe inachoka pa DStv mu 2022 ija, ndiye akufunsa kuti pa nkhondo ya ku Gaza ndi ku Ukraine tchanelo chonena zoona ndi chiti. Achimwene, funso lanuli landikhudza kwambiri, mundipirire chifukwa sindiyankha mwachidule ayi.

Ine ndinakulira ku Ntcheu chakufupi ndi Lizulu, komwe msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya lino Malawi tsidya linalo Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ndinali ku pulayimale. Anthu ankatulukira usiku atabereka ana, timitolo pamutu, ena mapazi ali zilonda zokhazokha, ndipo agogo anga anapatsa malo banja lina kuseri kwa nkhokwe kuti limange kachisakasa. Mayi wa banjalo anakhala nafe nthawi yaitali koma za amuna awo sanatiuzepo, akamva galimoto ikuphulitsa ekizozi pamsewu ankagwira ana n'kuthawira m'chimanga. Ana awo tinkaphunzira nawo limodzi, tinkadyera mbale imodzi. Dziko lathu losaukali linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje, Mulanje, Dedza, Ntcheu, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Ine zaka zonsezo munthu wonyamula kamera sindinamuonepo pamudzi pathu, nanga TV ya kuno inayamba liti, si mu 1999? Ndiye mukandiuza za kukondera, ine ndimayamba ndaganiza za nkhondo zomwe sizionetsedwa n'komwe, kukondera kwakukulu kuli pamenepo.

Mu 2003 ndili ku Blantyre tinkaunjikana pa TV ya aneba kuonera nkhondo ya ku Iraq. Asilikali a America anatenga atolankhani mazanamazana kuti aziyenda nawo limodzi, kudya limodzi, kugona limodzi, kukwera galimoto imodzi. Tangoganizani, munthu yemwe akukuteteza ku zipolopolo ungamunene bwanji madzulo pa nyuzi? Sindikuti ankanama, ambiri ankanena zomwe aona, koma kamera yawo inali kumbuyo kwa mfuti ndiye ife tinkaona mzinga ukunyamuka osaona komwe wagwera. Al Jazeera inali komwe mizinga inkagwera, m'zipatala, m'misika, ndipo akuluakulu a ku Washington ankaida chifukwa cha zomwezo. Pa 8 April ndege ya America inaphulitsa ofesi ya Al Jazeera mu Baghdad n'kupha mtolankhani wawo Tareq Ayyoub, tsiku lomwelo thanki ya America inawombera Palestine Hotel n'kupha ojambula awiri, Taras Protsyuk wa Reuters ndi José Couso wa ku Spain. M'mawa mwake pa 9 matchanelo anangokakamira kubwereza chithunzi cha chifaniziro cha Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, chikugwetsedwa pa Firdos Square, kamera itayandikira kwambiri moti tonse tinkati Baghdad yense ali pomwepo, pomwe zithunzi zojambula patali zinaonetsa kuti bwalolo silinadzaze ndipo chinakoka chifanizirocho ndi chigalimoto cha asilikali a America. Zida zoopsa zomwe nduna ya zakunja ya America Colin Powell anakauza a UN kuti Iraq ili nazo sizinapezeke, mu 2004 New York Times inachita kuvomera kuti sinafunse mafunso okwanira.

Ndiye ndinene mosabisa mawu, tchanelo chosakondera kulibe. Al Jazeera ndalama zake zimachokera ku boma la Qatar, za Gaza imazigwira mwamphamvu ndipo atolankhani ake afera komweko, koma za Qatar mwiniwake imayenda monyang'ama. CGTN ndi ya boma la China, RT ndi ya boma la Russia, France 24 ya boma la France, CNN ndi bizinesi yofuna anthu oonera ambiri. Komanso anthu onena kuti onse ndi chimodzimodzi amanditopetsa, si zoona zimenezo. Ku Russia kuyambira March 2022 kuli lamulo loti ukanena za asilikali zomwe boma likuti ndi zabodza utha kukaseweza mpaka zaka 15, pomwe mtolankhani wa BBC amatha kupanikiza nduna ya dziko lake pa TV n'kukagona kwawo bwinobwino. Ku Gaza nako Israel inaletsa atolankhani akunja kulowa paokha, olowa amalowa ndi asilikali ngati ku Iraq kuja, ndipo mu May 2024 inatseka Al Jazeera m'dziko mwake.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya maliro. Nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba mtolankhani wina wa CBS ananena pa TV kuti Kyiv si ngati Iraq kapena Afghanistan, ndi mzinda wotukuka wa ku Ulaya, anapepesa pambuyo pake koma mawu anali atatuluka kale. Mzungu akafa timauzidwa dzina, ntchito, ana angati, timaona chithunzi cha ukwati wake. Wa ku Sudan akafa ndi nambala yodutsa pansi pa sikirini basi. Nkhondo ya ku Sudan inayamba April 2023, anthu oposa 10 miliyoni athawa m'nyumba zawo, inu kunyumba kwanuko mwakanganapo kangati za Darfur? Mu January 2025 zigawenga za M23 zikulanda mzinda wa Goma ku DRC asilikali athu a Malawi anafera komweko, ana a anthu, ndipo zithunzi zomwe tinkaona kuno zinali zobwereka kwa eni makamera akunja omwe nkhani yawo sinali ya ife. Cabo Delgado ili pa neba pompa ku Mozambique, yakhala ikuyaka kuyambira 2017, timaimva pokhapokha ikakhudza kampani ya gasi.

Ndiye muonere chiti?

Musasankhe chimodzi. Nkhani imodzi yomweyo ioneni pa matchanelo awiri osagwirizana, pomwe agwirizana nthawi zambiri ndi pomwe pali zenizeni. Mvetserani kuti wanena ndani, akati asilikali akuti kapena boma likuti dziwani kuti mtolankhaniyo sanaone ndi maso ake. Onaninso kuti waima pati, ali ndi asilikali a mbali iti. Ziwerengero za tsiku loyamba musalimbane nazo, zimasintha, dikirani masiku angapo.

Ndipo chonde achimwene, mavidiyo a pa magulupu a WhatsApp aja musamangowatumiza. Mu 2022 anthu ankagawana zidutswa za gemu ya pakompyuta n'kumati ndi nkhondo ya ku Ukraine, ena kugawana za ku Syria zakalekale. TV ndi zolakwa zake zonsezo ili ndi dzina komanso ofesi yoti utha kukadandaula, wa pa WhatsApp uja mukamupeza kuti?