Zoti laser imalumikiza fupa msanga: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo, mwana wake wathyoka mwendo ali mu chikhakha, ndiye waona pa YouTube zoti kuwala kwa laser, kuwala kolunjika pamalo amodzi kochokera m'makina, kumalumikiza mafupa a makoswe mwachangu, akufunsa ngati agule kamakina kake pa intaneti. Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri chifukwa yandikumbutsa zanga.

Ine ndinagwa pa makwerero zaka zingapo zapitazo, mkono kuthyoka, masabata 6 mu chikhakha. Kuyabwa kwakeko eee! Ndinkalowetsa bolopeni mkati kuti ndikande mpaka kachivindikiro kake kanatsalira momwemo, tsiku lochotsa chikhakha nesi anakapeza katamatirira pakhungu, anangondiyang'ana osalankhula. Usiku tulo osabwera, ndinkangokhalira pa foni kusaka chilichonse choti fupa lifulumire, ndipo nkhani ya laser ndinakumana nayo nthawi imeneyo.

Inayamba ndi dokotala wa ku Hungary, Endre Mester, mu 1967 ku Budapest. Ankafufuza za laser ndi khansa pa mbewa zometedwa, ndiye anadabwa kuona kuti zomwe ankaziwalitsa ubweya ukumera msanga kuposa zinzake. Ubweya, osati fupa, koma kuchoka apo anthu anayamba kuyesa pa zilonda, kenako mafupa. Masiku ano njira yochizira ndi kuwala imeneyi amati photobiomodulation. Ofufuza amatenga khoswe kapena kalulu, kumugoneka ndi mankhwala, kuboola kabowo pa fupa la msongolo, nkumawalitsapo kuwala kofiira kapena kosaoneka ndi maso kwa ma nanometer (muyeso wa mafunde a kuwala) cha m'ma 800, kosatentha ayi. Maganizo ake ndi oti kuwalako kumadzutsa ma mitochondria, tinthu topanga mphamvu m'maselo, ndiye maselo omanga fupa amagwira ntchito mwachangu. Ndipo zoona, mu kafukufuku wambiri wa nyama fupa lanthete limaoneka msanga masiku oyambirira.

Koma apa mpamene ndimapsa mtima ndi ogulitsa aja. Khoswe wa mu labu ndi wathanzi, fupa lake ndi laling'ono kwambiri, kuwala kumafika mosavuta, ndipo nthawi zambiri bala lake ndi kabowo koboola mwadongosolo, osati fupa lothyoka pogwa. Komanso ofufuza aliyense amagwiritsa mlingo wake, wina masekondi ochepa wina mphindi zingapo, ndipo ukachulutsa kuwala phindu limatha, nanga wogulitsa pa intaneti mlingo wa mwana wanu waudziwira kuti? Iwo amangoika chithunzi cha khoswe, chotsatira mtengo basi. Ine ndinatsala pang'ono kugula, ndinangosiya nditadzifunsa funso lopusa lomwe ndimayenera kuyamba nalo, kuti kuwalako kudutsa bwanji chikhakha. Sikudutsa. Ndinaseka ndekha pakati pa usiku.

Ndiye mugule?

Ayi mayi. Pa anthu umboni wake ndi wochepa kwambiri, ndipo laser ikalunjika m'maso mwa mwana ikhoza kumuvulaza. Chikhakha chisanyowe, musachichotse nokha, tsiku lokajambulitsanso fupa musaliphonye, ndipo mafupa a ana amalumikizana msanga kuposa athu akuluakulu. Zala zikatupa, kuzizira kapena kuchita dzanzi thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mabolopeni onse m'nyumbamo mubise.