Musayambe ndi Zeus, yambani ndi agogo awo

Aphunzitsi anzanga, mwafunsa kuti kosi ya nthano zachiyambi muiyendetse bwanji pa intaneti pamene ophunzira angokopera za Zeus, mkulu wa milungu ya Agiriki, pa Google n'kukutumizirani. Ineyo ndaphunzitsako kosi yotereyi ndili kuno ku Mzuzu, ophunzira ali ku Karonga, ku Nkhata Bay, ena kumidzi ya ku Mzimba.

Chaka choyamba wolakwa ndinali ine. Ndinayamba ndi milungu ya Agiriki, ndipo ntchito zimene zinabwera zinkafanana ngati mapasa. Funso limene yankho lake lili kale pa intaneti, wophunzira sangavutike kuliganizira.

Ndiye ndinatembenuza zinthu. Sabata yoyamba aliyense akapeze agogo, azakhali kapena mkulu wina wa kwawo, awapemphe nthano yofotokoza kumene imfa, moto kapena mvula zinachokera, ajambule mawu pa foni, kenako alembe. Ya Chitumbuka ailembe m'Chitumbuka momwemo, kumasulira pambuyo. Apa m'pamene kosi inadzuka. Nthano ya bilimankhwe ndi buluzi inabwera kangapo: bilimankhwe anatumidwa kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma poyenda monyang'wa anapitiriridwa ndi buluzi, amene anafikitsa uthenga wakuti kufa n'kufa basi. Wina anati wowatuma ndi Chiuta, wina Chauta, ndipo anakangana masiku atatu kuti yoona ndi iti. Ine ndinangokhala phee, chifukwa mkanganowo ndiwo unali phunziro.

Agiriki amabwera pambuyo. Ndimayamba ndawauza za Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, kumene Achewa amati anthu oyamba anatsikira pamodzi ndi Chauta ndi nyama, mapazi awo n'kutsala pathanthwe. Munthu atapeka moto, tchire linayaka, nyama zinabalalika, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mukatero n'kuwapatsa Prometheus, amene anabera milungu moto n'kulangidwa ndi Zeus, funso limadzibwerera lokha: bwanji konsekonse moto ukulekanitsa munthu ndi mulungu? Pambuyo pake timalowa kwa Mbona, amene amapemphedwa mvula ku kachisi wa Khulubvi ku Nsanje, ndi Napolo, amene ambiri amamutchula pokumbukira madzi osefukira amene anasakaza ku Phalombe mu 1991.

Za zipangizo, musalimbane ndi makalasi a vidiyo. Bandulo ndi yodula, netiweki kumudzi imachita kusakidwa pachulu, magetsi nawo sapangana ndi munthu. Ine ndimatumiza mawu a mphindi zisanu pa WhatsApp ndi tsamba limodzi lowerenga. Wophunzira amalemba ndime zitatu pofika Lachisanu, ndipo pofika Lamulungu akhale atayankha anzake awiri. Kuyankhako kukhale ndi malikisi, apo ayi mudzangoona "zili bwino achimwene" kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Pali ziwiri zoti musamale nazo. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma sikuti zonse za m'menemo n'zoti zimwazidwe pa foni. Za kudambwe zimatsala kudambwe, ndipo wophunzira asanajambule mkulu aliyense ayambe wamuuza kuti mawuwo adzamvedwa ndi ndani. Chachiwiri, mudzapeza wina wokana kulemba, amvekere izi n'zachikunja. Mtsikana wina anandiuza choncho sabata yachiwiri. Sindinalimbane naye, ndinangomupempha kuti akafunse agogo ake aakazi, amene ndi a mvano kumpingo kwawo, ngati akudziwa nthano ya mmene imfa inabwerera. Anabwera ndi mawu ojambula a mphindi pafupifupi makumi awiri, nyimbo yake ili momwemo, ndipo zinanditengera madzulo onse kuti atsike pa foni yanga.