Hb yanga ndi 15 koma ndili ndi PCOS, ndimwe mapiritsi a magazi?

Mchemwali wina wa PCOS, vuto la mahomoni lomwe limasokoneza msambo, wandilembera pa imelo, dzina sinditchula. Akuti: "Anandipeza ndi PCOS chaka chatha, ndimatha miyezi itatu osapita kumwezi, timandevu tayamba kumera kuchibwano. Ndayezetsa magazi, Hb yatuluka 15, koma ndimangokhala wofooka. Amayi akundiwiritsira chidede ndi masamba a mapeyala ati magazi achepa, mnzanga akuti ndigule mapiritsi a ayironi. Nditani?"

Achemwali, mapiritsiwo musathamangire kugula ayi. Mzimayi yemwe sali woyembekezera amati magazi achepa Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, ikatsika pansi pa 12, ndiye 15 yanuyo ili bwinobwino. Amayiwo akuchita chikondi, chidedecho imwani ngati mumachikonda, koma si pomwe pali vuto.

Nkhani ili pa mahomoni. PCOS imakweza testosterone, homoni ija timaiti yachimuna ngakhale mzimayi aliyense ali nayo pang'ono, ndipo ndi yomweyo ikumeretsa timandevu tomwe mukuzula ndi twiza pagalasi m'mawa uliwonse. Homoni imeneyi imalimbikitsa mafupa kupanga magazi, komanso imatsitsa hepcidin, kahomoni ka m'chiwindi komwe kali ngati gadi wapageti, kamaletsa ayironi wam'chakudya kungolowa chisawawa m'thupi. Gadiyo akagona ayironi amalowa wambiri. Onjezani poti anzanu amataya magazi mwezi ndi mwezi inu mukutaya mwina kanayi pa chaka, ndiye nkhokwe ya ayironi imadzadza, n'chifukwa chake ambiri a PCOS akayezetsa ferritin, yomwe imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, imapezeka yokwererapo. Ndiye muwonjezerepo mapiritsi pamenepo? Thupi lilibe njira yophweka yotayira ayironi wotsala, amangounjikana kuchiwindi.

Koma pali ena a PCOS omwe nkhani yawo ndi yosiyana kwambiri. Chiberekero chikakhala miyezi osasamba khungu lam'kati limakhuthala, ndiye tsiku lomwe msambo wabwera umabwera ngati mvula ya Januwale, masabata awiri atatu, zibuluma za magazi, pad kusintha ola lililonse mpaka kuyala chitenje pampando. Amenewo magazi amachepadi ndipo ayironi amawafunika, atayezetsa kaye. Inunso miyezi itatu yanuyo musaitenge ngati holide, kauzeni dokotala, pali mapiritsi oti msambo uzibwera kuteteza chiberekero.

Nanga kufookako? Ine ndikanayamba ndi kuyezetsa shuga, poti PCOS imayendera limodzi ndi thupi losamvera insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, mumadya nsima kenako tulo tofa nato. Adokotala ayezenso chithokomiro. Ndipo simunandiuze ngati mukumwa metformin, mankhwala a shuga omwe ena a PCOS amapatsidwa. Ngati mwakhala mukumwa kwa zaka, mankhwala amenewo amatha kutsitsa vitamini B12, munthu n'kumafooka, zala ndi mapazi kuchita dzanzi. Pepala la Hb lija mupite nalo, ndipo mulembe masiku omwe munasamba komaliza, poti funso loyamba likakhala limenelo.