Funsani za Zoimbira: Bridge ya lap steel ikhale yopendekeka kapena yowongoka?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndi kalipentala kuno ku Mchesi, ndikupanga lap steel, gitala ija yoigoneka pantchafu nkumayendetsa kachitsulo pamwamba pa mawaya. Thabwa ndapeza la mbawa, pickup ndachotsa pa gitala yamagetsi yakutha. Nde ndikayang'ana magitala enawa ndikuona kuti pa bridge, paja pamatsamira mawaya kumapeto kwa thupi la gitala, waya aliyense ali ndi kachitsulo kake, kena katsogola kena katsalira, pa ya bokosi ndiye bridge imachita kupendekeka. Yangayi ndipangenso choncho kuti isamaphonye mawu?
Wowerenga, Mchesi

YANKHO: Ayi achimwene musapendeketse, yanuyo ikhale yowongoka kuti nyoo, yolingana ndi nut (pomwe mawaya amatsamira kumutu kwa gitala), muchite kuyeza ndi sikweya.

Pa gitala wamba paja mukadinikiza waya mpaka kufika pa fret, tizitsulo topingasa pakhosi la gitala tija, amakokeka pang'ono ndiye mawu amakwera, ndipo waya wonenepa amakwera kuposa wowonda, nchifukwa chake opanga amabweza bridge kumbuyo mbali ya mawaya onenepawo. Pa lap steel waya sakhudza fret iliyonse, mizere yojambula pathabwa ija ndi yongoonera basi, fret yeniyeni ndi chitsulo chili mmanja mwanucho. Tsono chitsulocho nchowongoka, mukapendeketsa bridge waya aliyense adzakhala ndi pakati pakepake, mukagoneka chitsulo pa mawaya onse kuti muimbe chord ena akwera ena atsika, ndipo zimanyanya mukamayandikira ku bridge komwe mizere imathinana.

Za kuyeza. Kuchokera pa nut kufika pa bridge ambiri amatenga mainchesi 22.5 omwe ndi masentimita 57.15, ngati pa A-22 ya Rickenbacker yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1932, anthu nkuitcha Frying Pan poona maonekedwe ake. Ena amakonda 24.5, imalira nthawi yaitaliko koma kupendeketsa chitsulo poimba kumavutirapo kufupi ndi nut. Inu poyamba pano tengani yaifupiyo. Muyeze kuchokera pomwe waya akuchoka pa nut kufika pomwe akukhudza msonga ya bridge, ngati ndi chitsulo chozungulira ndiye pakati pake penipeni osati mmphepete. Kuyeza mmasentimita kuchokera pa nut, mzere wa 12 ukhale pa theka, 28.58, wa 5 pa 14.34, wa 7 pa 19.01, woyamba pa 3.21. Enawo mupeza pogawa utali wotsala ndi 17.817, kuchotsera, kugawanso, choncho choncho, foni ili ndi kakyuleta.

Musafulumire kupenta mizere. Jambulani kaye pa tepi ya pepala, mangani mawaya, chunani, kenako gusani waya ndi chala pang'ono chabe pa mzere wa 12 nkumukhwatcha. Akalira psuu ngati kabelu pamzere pomwepo zili bho. Akalirira pambali sunthani bridge kapena tepiyo mpaka zigwirizane.

Koma chomwe ine ndimaona kuti chimapweteketsa anthu si chimenechi ayi, ndi kulingana kwa mawaya PAMWAMBA. Munthu amasema timipata tofanana tonse, kuiwala kuti waya wa 6 ndi wonenepa, ndiye amatumphuka pamwamba pa anzake, chitsulo chikutsamira iyeyo owondawo akungonjenjemera nkumalira zii zii, woimba nkuyamba kudinikiza mwamphamvu kuti awapeze, mawu nkukwera, mapeto ake akunamizira bridge. Semani ndi tupa pang'onopang'ono, wonenepa mpata wozamirapo, wowonda kongokanda chabe, ku nut chimodzimodzi. Gonekani lula yachitsulo mopingasa nkukhwatcha mmodzimmodzi, amene sakukhudza ndiye watsikitsa, tsitsani anzakewo. Pachifukwa chomwechi bridge ya Tune-o-matic ya pa magitala a Gibson isiyeni, inapangidwa yokhota pamwamba. Ya mtundu wa Stratocaster ingagwire ntchito mukandandalitsa tizitsulo take mzere umodzi nkutilinganiza ndi tisikuluwu tija, koma kunena zoona kachidutswa ka aluminiyamu ya kona kapena chitsulo chozungulira cha mamilimita 10 cha mma hadiweya a ku Malangalanga chikwanira. Mawaya atalikirane pafupifupi sentimita imodzi, akwerenso chimodzimodzi kuchoka pa thabwa, ndipo kuseri kwa bridge atsike ndithu kuti aidinikize, apo ayi azingoterereka.

Mwa njira, kaimbidwe aka si kachilendo kwathu kuno. Kanayambira ku Hawaii, amati anayambitsa ndi Joseph Kekuku cha mma 1880, ndipo agogo athu mma 1950 ankaimba gitala ndi botolo nkumati hauyani. Ngakhale babatoni ya Gasper Nali imayendera botolo lomwelo, ilibe fret koma iyeyo saphonya, khutu ndi lomwe limamuuza poima. Inunso chitsulo chizikhala pamwamba penipeni pa mzere osati kumbuyo kwake ngati pa gitala wamba, ndipo poti mumayang'ana chammbali maso amanama pang'ono, mverani khutu.

Musaiwale kawaya ka ground kochokera pansi pa bridge kupita kumsana kwa volume, mukakasiya ampu izingong'ung'udza mpaka a kwaya akuthamangitsani.