Kodi mwana wokulira m'nkhanza adzathera kundende?

Mayi wina wandilembera imelo. Akulera mwana wa mchemwali wawo, mnyamata wa zaka 9 amene wakula akuona bambo ake akumenya mayi ake. Tsopano wayamba kuba tindalama komanso kumenya anzake kusukulu. Afunsa kuti: "Kodi ameneyu si wakundende basi?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Mutafunsa akaidi za ubwana wawo, mungamve zoliritsa. Ku Wales, kafukufuku wa 2019 pa ndende ya Parc anapeza kuti pafupifupi theka la akaidi aamuna anakumana ndi mavuto aakulu a mitundu 4 kapena kuposa ali ana, monga kumenyedwa, kugwiriridwa, kholo chidakwa kapena kholo lomangidwa.

Komatu amenewo ndi anthu amene alowa kale m'ndende. Wofufuza wina wa ku America, Cathy Spatz Widom, anayambira kwa ana. Anatenga ana 908 amene makhoti anatsimikiza kuti anazunzidwa kapena kutayiriridwa pakati pa 1967 ndi 1971, n'kumawatsatira mpaka atakula. Pa 100 alionse, 27 anamangidwapo asanakule, pomwe mwa anzawo osazunzidwa anali 17. Kusiyana kulipo, sindikana. Koma muwerengenso 73 otsalawo, amene sanamangidwe asanakule.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti ana otayiriridwa, ongosiyidwa opanda wowalabadira, anadzapalamula milandu yachiwawa pafupifupi mofanana ndi omenyedwa aja. Ife timathamangira kuona zipsera, mwana wachete pakona tamuiwala.

Mnyamata wanuyo thupi lake linazolowera kukhala tcheru usana ndi usiku. Mnzake akangomugunda mwangozi, iye amaona ngati nkhondo yayamba, dzanja n'kutsogola nzeru. Kuba nakonso nthawi zina ndi chizindikiro cha mwana amene sakhulupirira kuti mawa adzapatsidwa.

Ndiye musamulekerere ayi. Zimene waba abweze, apepese. Koma chikwapu chisiyeni, chifukwa chimangomutsimikizira zimene anaphunzira kwa bambo ake, kuti wamphamvu ndiye wolondola. Mawu akuti "udzafanana ndi bambo ako" asatuluke pakamwa panu, ngakhale atakukwiyitsani chotani.

Wofufuza winanso, Emmy Werner, anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii. Mwa ana amene anakulira m'mavuto aakulu, mmodzi mwa atatu alionse anakula bwinobwino, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi wamkulu mmodzi amene sanawataye: agogo, azakhali, mphunzitsi. Kwa mnyamata wanuyo, wamkulu ameneyo angakhale inu. Kambiranani ndi aphunzitsi ake sabata ino, ndipo ngati akulota zoopsa kapena kukodza pogona, pitani naye kwa mlangizi wa za maganizo.