Mafunso Anu: Namwino, cheza cha radiotherapy ndi wodwala khansa

Funso: Mayi anga ayamba kulandira chithandizo cha radiotherapy chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero. Achibale akuti ana asamawayandikire poti thupi lawo lili ndi cheza. Kodi n'zoona? Nanga anamwino amawafunsiranji zambirimbiri?

Yankho: Pepani ndi matendawa. Ana asiyeni azikhala pamiyendo ya agogo awo. Pa radiotherapy, makina amalozetsa cheza champhamvu chosaoneka ndi maso pa chotupa kuti chiphe maselo a khansa. Cheza chochokera m'makinawa chimatha pomwe makinawo azimitsidwa, ngati mmene kuwala kumathera mukazimitsa nyale. Ngakhale pa brachytherapy, pamene kachitsulo kotulutsa cheza kamalowetsedwa pafupi ndi chotupa kwa mphindi zingapo, akakachotsa m'thupi simutsala cheza. Kusala wodwala kumangomuwonjezera chisoni.

Mafunso a namwino ali ndi cholinga. Chithandizo chimaperekedwa masiku asanu pa mlungu, pafupifupi 2 Gray (muyeso wa cheza cholowa m'thupi) patsiku, ndipo pa khansa iyi chonse chiyenera kutha pasanadutse milungu 8. Wodwala akamadumphitsa masiku, maselo a khansa amapeza mpata wochulukananso. Choncho namwino amasaka msanga chilichonse chimene chingawagoneke mayi anu: kutsegula m'mimba, kuwawa pokodza, kuonda. Amayang'anira kuyeza magazi mlungu uliwonse, chifukwa magazi akachepa chotupa chimasowa mpweya wa okosijeni ndipo cheza sichichigwira bwino. Akawauza kuti amwe madzi ndipo asakodze asanalowe m'chipinda cha makina, n'kuti chikhodzodzo chodzaza chikankhire matumbo kutali ndi malo owotchedwa.

Khungu ndiye limafuna diso. Pakadutsa milungu iwiri kapena itatu limayamba kuda, kuuma ndi kuyabwa, ndipo m'malo opindika monga m'mphechepeche limatha kusupuka n'kumachucha timadzi. Mayi anu asambe ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira, aumitse pogunditsa nsalu yofewa, osapukuta mokhula. Asathire paudala pabala, asakande, asaikepo botolo la madzi otentha, ndipo mafuta azidzola okhawo amene namwino wavomereza. Timizere tojambulidwa pakhungu asatifufute, ndi timene timalozera makina. Dziwaninso kuti khungu limatha kuipiraipira kwa mlungu umodzi kapena iwiri chithandizo chitatha. Ambiri amadzidzimuka nazo, koma ndi mmene zimayendera, kenako limayamba kupola. Akatentha thupi kapena kutaya magazi ambiri, musadikire tsiku lobwerera kuchipatala.

Funso: Ndine namwino ndipo andisamutsira ku wodi ya odwala khansa. Ndidziteteze bwanji?

Yankho: Gwirani zinthu zitatu: nthawi, mtunda ndi chotchinga. Konzani zonse musanalowe kwa wodwala amene ali ndi cheza m'thupi, kuti musachedwemo. Mtunda ndi umene umathandiza kwambiri: mukachoka pa mita imodzi n'kuima pa mamita awiri, cheza chokufikirani chimatsika kanayi. Epuloni ya mtovu imathandiza pojambula X-ray, koma pa cheza champhamvu cha cobalt-60 (chitsulo chotulutsa cheza) kapena iodine-131 (mankhwala otulutsa cheza) musaidalire.

Kabaji koyezera cheza, dosimeter, kavaleni pachifuwa nthawi yonse ya ntchito. Musabwereketse mnzanu, musakasiye m'chipinda chochitira chithandizo, apo ayi kadzawerenga zabodza. Malire amene bungwe la padziko lonse loona za chitetezo cha cheza, ICRP, limalangiza kwa ogwira ntchito ndi 20 mSv (muyeso wa cheza chimene munthu walandira) pachaka mukatenga avereji ya zaka 5, osapitirira 50 mSv m'chaka chimodzi. Mukakhala oyembekezera nenani msanga, chifukwa mwana wosabadwayo sayenera kulandira zoposa 1 mSv.

Wodwala amene wamwa iodine-131 chifukwa cha khansa ya chithokomiro ndi wosiyana ndi mayi tawatchula pamwambapa. Iyeyu amatulutsadi cheza, makamaka mumkodzo, komanso m'malovu ndi m'thukuta, ndipo mphamvu ya mankhwalawa imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse. Valani magolovesi, wodwala azikodza atakhala pansi ndi kugejemula kawiri, zofunda zake muziike padera. Akasanza kapena mkodzo ukatayika, phimbani ndi pepala loyamwa madzi, letsani anthu kupondapo, ndipo itanani woyang'anira chitetezo cha cheza kuti adzayeze.

Kachitsulo ka brachytherapy kakagwa kapena kukanirira, musakagwire ndi manja ngakhale mutavala magolovesi. Kamatoledwa ndi chopanira chachitali n'kuikidwa m'chotengera cha mtovu, ndipo ziwirizi zizikhala m'chipindamo chithandizo chisanayambe.