Kukhala m'boti la matanga pakati pa zilumba: magetsi, injini ndi foni

Funso: Amisiri, ine ndi mayi akunyumba tinapuma pa ntchito ndipo tikukhala ku Namiwawa. Tagula boti la matanga lakalekale, lotalika mamita 9, lili ku Monkey Bay. Tikufuna tizikhalamo miyezi ingapo pa chaka, tiziyendera Thumbi, Domwe ndi Mumbo, mtima ukadzalimba tikafike ku Likoma ndi Chizumulu. Muli batire limodzi la galimoto, ndipo mwini wake wakale akuti magetsi akachepa ankangoliza injini. Ife tikufuna firiji, nyali, ndi kutchaja mafoni awiri ndi laputopu. Tigule sola yaikulu bwanji?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Koma kukula kwa sola timakamba pomaliza. Choyamba tiwerengere magetsi amene muzidya pa tsiku. Timawerengera mu Ah, ndiye kuti ma amp amene chipangizo chimakoka kuchulukitsa ndi maola amene chayaka.

Firiji ndiye mlendo wodya kuposa eni nyumba. Yaing'ono ya 12V yokhala ndi kompuresa imakoka ma amp pafupifupi 4 ikamalira, ndipo ndi kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala imalira theka la tsiku. Apo patha 48Ah. Zinazo n'zazing'ono: mababu a LED m'kati 5Ah, nyali ya pamwamba pa mlongoti yoyaka usiku wonse mukaponya nangula 3Ah, mafoni awiri 3Ah, laputopu 6Ah, wailesi ya VHF yolankhulirana ndi maboti ena ndi kachipangizo koyeza kuya kwa madzi 6Ah. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 70Ah pa tsiku.

Batire la galimoto silingasenze zimenezo. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako litchajidwe nthawi yomweyo. Mukamalikama usiku wonse ndi firiji, pakatha miyezi yochepa lafa. Lisiyeni likhale la injini yokha, pasalumikizidwe china chilichonse. Za m'nyumba zikhale ndi mabatire akeake a deep cycle, opangidwa kuti azipereka magetsi kwa maola ambiri. Mabatire a asidi satsitsidwa kupitirira theka, choncho 200Ah ikupatsani 100Ah yogwiritsa ntchito, yokwana tsiku limodzi ndi theka kunja kukachita mitambo. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 limalola kutsika kwambiri ndipo ndi lopepuka, koma musalilumikize molunjika ku alternator, chipangizo cha pa injini chotchaja batire, popanda tchaja ya DC-DC yochepetsa magetsi pakati, mungaotche alternator. Mugulenso multimeter, kachipangizo koyezera magetsi a batire. Batire la asidi likapumula, 12.7V ndiye lodzaza, 12.2V lafika theka. Mukaona 12.0V m'mawa, zimitsani firiji.

Tsopano sola. Tengani ya 300W ndi controller ya MPPT, kachipangizo koyendetsa magetsi kuchoka ku sola kupita ku batire. Maola asanu a dzuwa lamphamvu, kuchotsapo zotayika chifukwa cha kutentha ndi mawaya, zikubwezerani 80Ah kapena kuchepera pang'ono. Vuto la boti ndi mthunzi. Mlongoti, zingwe ndi matanga zimadutsa pa sola tsiku lonse, ndipo kamthunzi kopyapyala kokha kamagwetsa mphamvu ya panelo yonse. Ikani mapanelo kumbuyo kwenikweni, pa chitsulo chokwezeka, ndipo awiri a 150W olumikizidwa mwa parallel ndi abwino kuposa imodzi yaikulu. Muziwapukuta m'mawa, makamaka nkhungu zikadutsa, chifukwa tizilomboti timatsata nyali usiku n'kufera pagalasi.

Chimene ndikukuletsani kwambiri ndi kalumikizidwe kathu ka mawaya ka m'nyumba za ku Blantyre kuno. Kuzimazima kwa magetsi kunatiphunzitsa tonse kumangirira inverter ndi waya uliwonse wopezeka, kupota ndi zala n'kukulunga tepi. Pakhoma la njerwa zimapirira. M'boti chilichonse chimagwedezeka ndipo chinyontho chimalowa paliponse. Waya wa chitsulo chimodzi cholimba amathyoka, tepi imamasuka. Gwiritsani ntchito waya wa tinsinga tambiri, makamaka wokutidwa ndi tin ngati mwampeza, ndipo nsonga zake zifinyidwe ndi crimping tool. Fyuzi ikhale pafupi ndi mutu wa positive wa batire, osapitirira chikhato chimodzi. Batire la 200Ah likachita shoti limafiiritsa waya m'kanthawi kochepa, ndipo boti la fibreglass likagwira moto kothawira ndi m'madzi basi. Inverter ichepe ntchito. Mafoni atchajidwe pa soketi ya USB ya 12V, chifukwa inverter imadya magetsi ngakhale isakutchaja kanthu.

Zoliza injini kuti mutchaje batire zikhale za tsiku la mavuto. Injini ya dizilo siikonda kulira nthawi yaitali popanda katundu, imadzaza mwaye.

Funso: Ndine mayi wa kunyumba kwa bambo afunsa za solawo. Iwo akuti za injini ndiwasiyire, ine ndizisamala kukhitchini. Koma tsiku limene tinkayesa botilo, injini yake, Yanmar ya masilinda awiri, inazima yokha mafunde atakula, ndipo tonse tinangoyang'anana. Chinachitika n'chiyani, nanga ine ndiyenera kudziwa ziti?

Yankho: Mayi, apa ndili mbali yanu, ndipo bambo andikhululukire. M'boti la anthu awiri, mmodzi akamakonza injini winayo amakhala pa chiwongolero. Nanga tsiku limene bambo agwidwa malungo pakati pa Nkhotakota ndi Likoma, kapena aterereka n'kugwera m'madzi? Wotsala m'boti ndinu. Muyenera kutha kuliza injini, kutsitsa matanga, kuponya nangula ndi kuitana thandizo pa tchanelo 16 ya VHF popanda wokuuzani.

Kuzima kwa tsiku lija ndikukayikira thanki. Boti likakhalitsa padoko, m'thanki mumasonkhana madzi, ndipo pamene madzi akumana ndi dizilo pamamera tizilombo timene timapanga matope akuda. Nyanja ikakhala bata matopewo amagona pansi. Mafunde akawavundula amathamangira ku filita n'kuitseka, ndiye injini imazima nthawi imene mukuifunitsitsa. Tsukitsani thanki yonse musanapite kulikonse, muike filita yolekanitsa madzi yokhala ndi kambale koonekera pansi, ndipo muzisunga thanki yodzaza. Dizilo wa m'zigubu amene mungagule m'madoko aang'ono muzimusefa pothira.

Mukasintha filita mumalowa mpweya, ndipo injini siilira mpaka mpweyawo utuluke. Mumamasula kabawuti ka pamwamba pa filita, n'kumapopa ndi kachitsulo ka pa lift pump, kapampu kokoka dizilo, mpaka thovu litatha, pakutuluka dizilo yekhayekha, ndiye n'kumanga. Phunzirani zimenezi padoko, masana, sipanala ili m'manja mwanu, bambo akungoonerera.

Chachiwiri ndi madzi oziziritsa. Injiniyi ilibe radiator ngati ya galimoto. Imakoka madzi a m'nyanja ndi kapampu kokhala ndi kagudumu ka labala kotchedwa impeller, ndipo madziwo amatulukira ku ekizozi. Mukangoliza injini, suzumirani kumbuyo. Ngati ekizozi ikulavula madzi, zili bwino. Ngati ikulira mouma, zimitsani msanga, muone ngati vavu yolowetsa madzi ili yotsegula, muone sefa ngati yatsekeka ndi udzu kapena jumbo, kenako mutsegule impeller. Ikayenda youma imapsa m'mphindi zochepa. Mapiko ake akathyoka, fufuzani tizidutswa tonse, tikatsalira m'mapaipi timatseka njira.

M'bokosi la zosinthira musasowe ma impeller awiri, mafilita a dizilo atatu, lamba wa alternator, oilo, mafyuzi, ma hose clip ndi pampu yamanja yotulutsira madzi m'boti. Gulirani ku Blantyre kuno kapena itanitsani kunja nthawi ilipo. Mukasowa impeller muli ku Chizumulu mudikira Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo imadutsa kamodzi pa sabata popita kumpoto, kamodzinso pobwerera.

Kunena za mafunde, mwera umaomba kuchokera kumwera chakum'mawa kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndiye mphepo imakhala ndi mtunda wokwanira kukweza mafunde aafupiafupi ndi oimirira, amene amatopetsa boti ndi anthu omwe. Popita ku Likoma mwera umakukankhani kumbuyo, koma pobwerera mukumana nawo maso ndi maso. Asodzi a pa gombe akati lero sitilowa, inunso khalani. Muonanenso ndi a Marine Department za kalembera wa botilo, ndipo kumbukirani kuti zilumba za ku Cape Maclear zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, choncho si paliponse pamene mungakocheze kapena kuwedza.

Funso: Ndili ku Chilomoni. Mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake amakhala m'boti la matanga ku nyanja yamchere, amayenda pakati pa Nosy Be, Mayotte ndi zilumba za Quirimbas ku Mozambique. Pena pamatha sabata WhatsApp ili ndi chizindikiro chimodzi. Mdzukulu wanga wina anandiikira MarineTraffic pafoni, koma botilo limasowa pamapu. Kuyambira nthawi ya Freddy ndikangomva za mphepo tulo sindigona.

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Zonse ziwiri mwatchulazi zimachitika boti lili bwinobwino. Foni imadalira nsanja za pamtunda, ndipo ukatalikira gombe makilomita 20 kapena 30 netiweki imatha. Kuchoka ku Nosy Be kukafika ku Mayotte ndi ulendo wa usana ndi usiku, pena masiku awiri, ndipo pakati ponsepo palibe nsanja. Akafika amafunikanso kupeza SIM ya dziko limenelo.

MarineTraffic imaonetsa uthenga wa AIS, kachipangizo kamene kamalengeza dzina la boti, pamene lili ndi kumene likulowera, kudzera pa mafunde a wailesi ya VHF. Zimene mumaona kwaulere zimachokera ku masiteshoni a pagombe. Boti laling'ono likatuluka m'dera lawo limasowa, kapena limaoneka ngati laima pamalo amodzi masiku angapo. Yang'anani tsiku ndi nthawi zimene zalembedwa pansi pa dzina la boti, mudzapeza kuti ndi uthenga wakale.

Afunseni ana anuwo zinthu ziwiri. Choyamba, ali ndi kachipangizo ka satelayiti monga Garmin inReach? Kameneka kamadzera pa masatelayiti 66 a Iridium, kamatumiza uthenga waufupi kuchokera paliponse, ndipo uthengawo umafika pafoni yanu ya TNM kapena Airtel ngati SMS wamba. Ambiri masiku ano akuikanso Starlink, yomwe inafika kuno ku Malawi mu 2023, koma imadya magetsi ambiri, moti eni maboti aang'ono amaiyatsa ola limodzi kapena awiri n'kuzimitsa. Chachiwiri, ali ndi EPIRB yolembetsedwa? Ndi kachipangizo ka ngozi yeniyeni, kamalira pa 406 MHz n'kuuza opulumutsa dzina la boti ndi malo ake.

Za Freddy simukulakwa kuopa, tonse tinaona zimene anachita ku Soche ndi Chilobwe mu Malichi 2023, ndipo anadzera m'nyanja ya pakati pa Madagascar ndi Mozambique. Koma anamondwe a kumeneko ali ndi nyengo yawo, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo amaoneka pa zolosera zanyengo kudakali masiku. Oyenda m'maboti ambiri nyengo imeneyo amasamukira kumpoto, cha ku Tanzania ndi Kenya, kapena kutsikira ku South Africa. Gwirizanani kuti asananyamuke azikuuzani kumene akupita ndi tsiku limene akuyembekeza kufika, kuonjezapo masiku awiri a mphepo yosadalirika.

Funso: Foni ingandilondolere njira panyanja popanda bandulo? Nanga ikagwera m'madzi ndiiike mu mpunga?

Yankho: GPS siifuna bandulo kapena netiweki, foni imangomvera masatelayiti. Chofuna intaneti ndi mapu, ndiye akopereni mudakali kumtunda, pa mafoni onse awiri. Musawakhulupirire pa nkhani ya miyala ya pansi pa madzi. Polowa pagombe lachilendo mmodzi aime kutsogolo aziyang'ana, dzuwa lili pamwamba. Ku Likoma zimitsani roaming, chifukwa Cobue ili pafupi tsidya linalo ndipo foni ikhoza kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique n'kukudyerani mayunitsi.

Mpunga usiyireni mphika. Sukoka madzi amene ali pansi pa tizipangizo ta pa bolodi, ndipo fumbi lake limatseka potchajira. Zimitsani foni nthawi yomweyo, chotsani SIM, ndipo musayese kutchaja. Chimene chimapha foni ndi magetsi oyenda pa bolodi yonyowa. Madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere wambiri, ndiye foni yozimitsidwa msanga kawirikawiri imadzuka tikaitsegula n'kuitsuka ndi isopropyl alcohol. Ya m'madzi amchere imayamba kudyeka pa maola ochepa. Chizindikiro cha IP67 cha pa mafoni ena chimatanthauza kupirira madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, foni ili yatsopano, isanagwepo kapena kusinthidwa sikirini. Gulani kathumba kosalowa madzi kokhala ndi chingwe cha m'khosi.

Funso: Tingaike silinda ya gasi pansi pa sinki ngati kunyumba?

Yankho: Ayi. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya. Kunyumba akadontha amatulukira pansi pa chitseko, koma boti ndi lotsekeka pansi ponse, ndiye amatsikira m'munsi momwe muli injini ndi mabatire, n'kudikira kamoto kamodzi ka sitata. Silinda ikhale panja, kapena m'bokosi lakelake lokhala ndi kabowo pansi kotulukira kunja kwa boti. Muzitseka pa silinda penipeni mukamaliza kuphika, ndipo paipi muziiyesa ndi thovu la sopo mwezi uliwonse. Chozimitsira moto chimodzi chikhale pafupi ndi khomo, china kogona.